Gemu Imodzi Yokha, Amayi

"Mayi a Witness, tabwerani kuno! Bwerani mudzamve nokha zimene zikutuluka m'kamwa mwa mwana wanu!"

Ndinali kuseri kwa nyumba, ndikutembenuza milamba pa waya wowambira, utsi uli m'maso. Amuna anga, a Augustino, sanali munthu wokuwa, ndiye nditamva mawu amenewo ndinasiya nsomba n'kuthamanga. Ndinawapeza ataima pansi pa mtengo wa nimu, foni ili m'manja. Witness, mwana wathu woyamba, wa zaka khumi ndi ziwiri, anali khale pamphasa, timawaya ta m'makutu tikulendewera pakhosi, nkhope ili ndwii.

"Kwagwanji kodi?"

"Tamvani."

Anazula timawayato pafoni. Foni inayamba kulira mfuti, phaphaphapha, ndipo pakati pa mfutizo panamveka mawu a munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, akukuwa. "Kang'ona! Uli kuti iwe? Muwombere m'mutu galu ameneyo!" Kenaka anatulutsa chitukwano choti ine sindingachibwereze, chotchula amayi a munthu.

"Ameneyu ndani?" a Augustino anafunsa.

"Ndi Kaputeni," Witness anayankha osatiyang'ana. "Amakhala ku Joni. Ndiye mkulu wa gulu lathu. Tilipo anayi, timamenyana ndi magulu ena."

"Unamuonapo Kaputeniyo?"

"Ayi."

"Nanga Kang'ona ndani?"

"Ndine."

"Mwamva, mayi a Witness? Mwana tinamubatiza kutchalitchi, lero ali ndi dzina lina lomupatsa munthu amene sitikumudziwa ngakhale nkhope. Ndipo ndamumva ndi makutu angawa akubweza chitukwano chomwecho. Wamupatsa foniyi ndani?"

Ndinali ine. Ndipo ine Josephine, amene amandidziwa pamsika wa Bangula akuuzani, pakamwa sipandichedwa.

"Ndine ndamupatsa. Nanga mundimenya? Inu bambo a Witness, mwaiwala kale mdzukulu wa a Agnesi? Si chaka chathachi ng'ona inamutenga padoko akusambira ndi anzake? Wangayu ali pano pamphasa, ndikumuona ndi maso anga. Sali kumtsinje, sali kokaonera mavidiyo, sali ndi anyamata a chamba. Mfuti za m'kagalasi zinaphapo ndani?"

"Foni iyi si yathu."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Mukanadziwa simukanaisandutsa chidole. Ernest akaona kuti madzi afika pamzere wofiira wa mlingo kumtunda kwa mtsinje wa Ruo, amaimba pafoni iyi. Osati ina, iyi. Akaimba, timakhala ndi maola anayi oti titulutse anthu kuchilumba. Tsiku lina idzalira mwanayu ali mkati mowombera anthu, ndiye kudzakhala bwanji?"

"Ikadzalira adzandipatsa. Si wamisala mwanayu."

Anaika foni m'thumba la malaya n'kupita kukasoka ukonde wawo. Mikangano yathu inkatha choncho: ine ndikadali ndi mawu ena khumi m'kamwa, iwo atapita kale. Zinkandinyansa kwabasi. Lero ndimaisowa mikangano imeneyo.

Mudzi wathu uli kufupi ndi Chiromo, pamene Ruo amalowa mu Shire. Minda yathu yeniyeni ndi madimba a pachilumba, tsidya la madzi, ndipo timapitako pabwato. Kuno madzi sabwera chifukwa cha mvula yathu. Mvula imagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, ife tikupsa ndi dzuwa, kenaka Ruo amangotulukira ndi mitengo ndi nthochi za eni ake. N'chifukwa chake komiti ya m'mudzi yoona za madzi osefukira inasankha a Augustino kuti azisunga foni, wenzulo ndi chimkuzamawu. A Ernest, amene amawerenga mlingo wa madzi kumtundako, akaimba, amuna anga ankakwera pachulu chachikulu cha padoko n'kukuwa mpaka a kuchilumba amve. Anaigwira ntchito imeneyo zaka zitatu, osatayapo ngakhale mbuzi.

Ndinene zoona, madzulo a tsiku limenelo ndinawaseka amuna anga.

"Inu mukuchita ngati ife sitinkasewera nkhondo. Mwaiwala? Kuseri kwa siteshoni ya Chiromo kuja, sitima ikadawoloka pamlatho?"

Ha, masiku amenewo! Tinkadula bango n'kupanga mfuti, zipolopolo zake masau osapsa. Atsikana ndi anyamata pamodzi, fumbi lili kobo, wina wabisala kuseri kwa mlambe, wina wakwera pangolo yakale ya thonje. Ukamuona mnzako umakuwa kuti, "Phaa! Wafa!" Iye n'kugwa chagada, lilime kunja, ena onse kuseka. Ine ndinali katswiri pa kufa. Ndinkagwa mwaluso mpaka anzanga ankandipempha kuti ndifenso. Sitima ikalira tonse tinkaiwala nkhondo n'kuthamangira kunjanji kukabayibitsa anthu osawadziwa.

"Ndikukumbuka," a Augustino anatero. "Mukukumbukanso mmene nkhondo yanuyo inkathera?"

"Inkatha tikatopa."

"Ayi. Inkatha amayi anu akaitana. Akangoti, 'Josefinaaa, madzi!' akufa onse ankadzuka, kusasa fumbi, aliyense kwawo. Masewera anu ankamva kuitana. Awa a Witness samva."

"Nanga inu munkasewera? Si munkathawira pansi pa nkhokwe?"

Ndinalankhula mopusa, ndipo ndinazindikira mawuwo atatuluka kale. A Augustino anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Anagona masiku atatu m'mabango ndi amayi awo. Amayiwo akapita kukafuna nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, kuti adye, ankawauza kuti asatuluke kufikira atamva mluzu wawo: kawiri kafupi, kamodzi kotalika. Mwanayo ankayankha ndi mluzu womwewo. Atafika kwathu, tsiku loyamba kumva ife tikukuwa kuti phaa, anakwawira pansi pa nkhokwe ya agogo anga n'kukana kutuluka. Ndine ndinamutulutsa, pomunyengerera ndi malambe.

"Inde ndinkathawira pansi pa nkhokwe," anatero mofatsa. "Ndipo lero ndikamva kafoni aka kakulira pakhomo panga, miyendo imafuna kundipititsa komweko."

Mluzu uja sunathe. Unakhala wa banja lathu. A Augustino akamachokera kokavuula nsomba, ankauliza ali padoko, kenaka n'kukhala chete kudikira. Witness ali wamng'ono ankayankha ndi mate okhaokha, mpaka anadzaphunzira. Ankathamanga kukalandira nkhafi, kamlongo kake Tithokoze kakutsatira pambuyo.

Ndikanakhala munthu womva, nkhani ikanathera pomwepo. Koma amuna anga akapita m'madzi foni ankaisiya ndi ine, chifukwa kuchilumba ndi kudambo netiweki sigwira. Ndipo Witness ankadziwa kundifika pamtima.

"Amayi, gemu imodzi yokha."

"Abambo ako anakana."

"Imodzi yokha, Amayi. Mphindi makumi awiri. Ndikatunga madzi migolo iwiri ndikamaliza."

Ndinkamupatsa. Migolo ankatungadi, sabata yoyambayo.

Sabata yachiwiri migolo inaiwalika. Mwana anayamba kudya mothamanga ngati wina amulanda mbale. Ukamuyankhula ankayankha kuti "mmm," maso ali kwina. Mbuzi zikamadutsa ankaziloza ndi chala, diso limodzi atatsinzina, milomo ikuchita phaphapha. Tsiku lina Tithokoze, wa zaka zisanu, anadutsa kutsogolo kwake akusewera, n'kugunda mkono. Ndinangomva mbama, thwaa!

"Wandiphetsa, chitsiru iwe! Wandiphetsa!"

"Witness! Wamenya mlongo wako chifukwa cha chiyani?"

"Inu simukudziwa, Amayi! Tinatsala awiri okha! Tsopano Kaputeni akunditukwana!"

Ankalira, misozi yeniyeni. M'timawaya muja ndinkamva mawu a bambo uja, akumunena mwana wanga kuti ndi mbuzi ya kumudzi, kuti ngati sangathe achoke, alipo ana ambiri ofuna malo ake. Ndinakwiya, koma ndinakwiyira Kaputeni, osati foni. Ndinamupukuta Tithokoze misozi, ndinamupatsa chidutswa cha mlamba, ndipo amuna anga sindinawauze.

Anadzionera okha Lachinayi lotsatira. Anabwera msanga kuchokera kudambo, ine ndili kumjigo. Ndikubwera ndi ndowa pamutu ndinamva mluzu padoko: kawiri kafupi, kamodzi kotalika. Kunali zii. Anaulizanso. Zii. Kachitatu anauliza ataima pabwalo penipeni, mapazi asanu kuchokera pamene Witness anakhala, timawaya tili m'makutu, zala zikuvina pagalasi. Mwana sanatukule mutu.

Ndinkayembekeza kuti akuwa, mwina kumenya. Sanatero. Anakhala pansi pamphasa, anachotsa timawayato pang'onopang'ono, n'kuzimitsa foni.

"Bwanji umatseka makutu?"

"Kuti ndizimva mapazi a adani, Ababa. Akamabwera kumbuyo amamveka."

"Mapazi a adani ukuwamva. Mluzu wa abambo ako sunaumve."

Witness anawerama.

"Mawa tipite limodzi kudambo. Nsomba za makakana zayamba kugwidwa. Ndikakuphunzitse kupalasa utaimirira, unkandivutitsa chaka chatha."

"Mawa kuli mpikisano, Ababa. Gulu lathu lafika patali. Kaputeni akuti amene asowe kapena atuluke pakati pa gemu amuchotsa."

"Ndiye ukuopa Kaputeni?"

"Sindikuopa. Koma amandidalira. Akuti ndine wowombera bwino kuposa onse."

A Augustino anapuma mozama. Anatembenukira kwa ine, ndowa ikadali pamutu.

"Mayi a Witness, ndakupemphani kamodzi, ndikukupemphaninso. Ine sindikudziwa za magemu. Mwina ana a m'tauni amasewera, makolo awo ali pambali, foni ili yawoyawo. Koma uyu akuleredwa ndi munthu wina m'makutu, ife tili pompano. Ndipo ino ndi Januwale. Ku Mulanje kukugwa mvula. Musamupatsenso."

"Ndamva."

"Mwamvadi?"

"Iii, ndati ndamva! Mukufuna ndilumbire pa Baibulo?"

Masiku asanu ndi atatu ndinasunga mawu anga. Foni ndinkaimangirira pachitenje, m'chiuno. Witness ankayenda pakhomo ngati wodwala malungo, osalankhula ndi munthu. Kudambo anapita kamodzi, ndipo anabwera akuseka, atanyowa thupi lonse, chifukwa anagwa m'madzi poyesa kupalasa ataimirira. Abambo ake anamuseka mpaka kutsokomola. Tsiku limenelo ndinati basi, zatha.

Loweruka kunacha kopanda ndi kamtambo komwe. Kwathu mvula inali isanagwe masiku khumi, nthaka ili gwaa, ndipo pofika seveni koloko dzuwa linali litayamba kale kuwotcha. Anthu ambiri anawolokera kuchilumba kukakolola chimanga cha kudimba madzi asanabwere. A Augustino anatenga matumba, Tithokoze n'kuwakakamira mwendo kuti akwere nawo bwato.

"Mutengeni, andipumitseko," ndinatero.

Anandipatsa foni, anandilozera chimkuzamawu pamsomali.

"Ikalira, thamangirani pachulu. Musadikire kuti muone madzi."

"Madzi ake ati, dzuwa limeneli? Pitani inu, chimanga chikudikira."

"Takhuta," anathokoza m'Chisena chawo, akumwetulira, n'kumunyamula Tithokoze paphewa.

Anali asanafike n'komwe pakati pa mtsinje pamene Witness anayamba.

"Amayi."

"Usayambe."

"Amayi, lero ndi fainolo. Andisunga masiku onsewa chifukwa ndinawauza pafoni ya mnzanga kuti ndikudwala. Ndikasowa lero basi, andichotsa. Gemu imodzi yokha, Amayi. Ndikatero sindidzapemphanso, ndikulumbira."

"Abambo ako anati chiyani?"

"Sadziwa. Abwera madzulo. Amayi, taonani kumwambaku, kuli mvula kumeneku?"

Ndinayang'ana kumwamba. Ine wobadwira konkuno, amene ndakwera padenga kawiri m'moyo mwanga kuthawa madzi obwera dzuwa likuwala, ndinayang'ana kumwamba ngati mlendo. Ndinali ndi milamba dengu lonse yofunika kuwamba isanawonongeke, mwana akundilira m'khutu, mutu ukundiwawa. Ndinamasula chitenje.

"Imodzi. Ikalira foniyi, undithamangire nayo. Wamva?"

"Ndamva, Amayi!"

Anandikumbatira. Anali atatenga nthawi asanandikumbatire choncho, ndipo ndinakondwa. Ndinene poyera, ndinakondwa.

Ntchito yowamba nsomba imadya nthawi munthu osazindikira. Kusonkhezera moto, kutembenuza, kuingitsa ntchentche ndi agalu. Ndinkamva Witness patali akukuwa, "Kumanzere! Kumanzere! Ndamupha!" ndipo mtima unali m'malo poti mwana ali pakhomo. Foni sindinaimve kulira, ndiye ndinati kulibe kanthu.

Cha m'ma thu koloko masana ndinapita kukataya mamba kukhwawa la kuseri kwa nyumba. Khwawa limenelo limatsikira ku Shire, ndipo linali louma chiyambire Khirisimasi. Ndinapeza muli madzi. Madzi ofiira, a thovu, akuyenda chokwera, kuchokera kumtsinje kubwera kumudzi. Pamwamba pake pankayandama thunthu la nthochi.

Kwathu kulibe nthochi zotero.

Dengu linagwa lokha. Ndinathamanga, ndinamulanda Witness foni m'manja, timawaya n'kuduka. Ndinatuluka m'gemumo. Pagalasi panali dzina: Ernest Ruo. Kasanu ndi kawiri. Koyamba teni koloko m'mawa. Pansi pake uthenga: "Madzi adutsa pofiira, akukwera msanga. Tulutsani anthu kuchilumba. Yankhani chonde."

"Witness! Foni inalira?"

Anayang'ana pansi.

"Inalira kamodzi, Amayi. Ndinaona dzina. Koma tinali pakati, foni ikalira gemu imaima, munthu umafa. Ndinadula. Ndimati ndimalize ndiwaimbire. Ndiye Kaputeni anati nditseke kuti mafoni asalowe, anandiuza potsekera. Ndimati ndikamaliza nditsegula. Tinapambana, ndiye inayamba ina, ndiye..."

Sindinamve zotsalazo. Ndinazula chimkuzamawu pamsomali n'kuthamangira kudoko, wenzulo ili pakamwa, chitenje chikugwa, osasamala. Maola anayi amene amuna anga ankanena anali atatha, ndipo tinawadya ife awiri pakhomo.

Pachulu ndinakuwa mpaka mawu anasasa. "Madzi! Madzi a Ruo! Tulukani kuchilumba!" Koma a kuchilumba anali atawaona kale okha. Shire anali atasanduka wina, wofiira, wotakata, akunyamula mitengo yathunthu ndi mizu yake. Mbali ya kumunsi ya chilumba inali itamira, ngayaye za chimanga zokha zikuoneka. Anthu anaunjikana pakamtunda, akukuwa, akugwedeza nsalu. Mabwato analipo anayi okha, anthu oposa makumi atatu.

Bwato loyamba kufika linali la amuna anga. Munali Tithokoze, a Agnesi, ndi amayi ena awiri ndi makanda awo. Matumba a chimanga anawasiya. Anandipatsira mwana, thupi lawo lonse likuchucha thukuta ndi madzi.

"Ernest anaimba?"

"Anaimba."

"Nthawi yanji?"

"Teni koloko."

Anayang'ana ine, anayang'ana Witness amene anaima kumbuyo kwanga, kachidutswa ka waya kakadali m'khutu. Ndinaona kuti amvetsa zonse. Ndinkafuna anditukwane, andimenye ndi nkhafi pamaso pa anthu, chilichonse. Iwo anangotambasula dzanja, kuchotsa kawayako m'khutu la mwana, n'kumugwira pamutu.

"Gwira dzanja la mlongo wako. Usamusiye."

"Ababa, ndimati..."

"Tikambirana ndikabwera."

Anakankha bwato.

Ulendo wachiwiri anabweretsa anthu asanu ndi mmodzi. Manja awo anali atatuluka matuza, ena ataphulika. Amuna a padoko anawagwira kuti apume, madzi akula, apite wina.

"Kwatsala a Fatsani ndi ana awo awiri," anayankha. "Ntchito yochenjeza inali yanga. Anthuwa sanachenjezedwe."

"Bambo a Witness," ndinawagwira malaya, "musapite. Ndalakwa ndine. Musapite."

"Ndisiyeni, Josephine."

Sankanditchula dzina langa pagulu. Ndinawasiya.

Tinawaona akupalasa ataimirira, akulimbana ndi madzi, bwato likupita cham'mbali. Anadutsa pakati. Anatsala pang'ono kufika pamitengo ya migwalangwa pamene a Fatsani anakweza ana awo. Kenaka kumtunda kunatulukira chimtengo chachikulu, chikugubuduzika, nthambi zikutuluka ndi kumira. Tonse pachulu tinakuwa. Chinagunda bwato m'nthiti. Tinaona pansi pa bwato pakuwala ndi dzuwa, kenaka sitinaonenso kanthu.

Anthu ankalira, ena akuthamanga m'mbali mwa mtsinje kutsata madzi. Ndiye pambali panga ndinamva mluzu: kawiri kafupi, kamodzi kotalika. Anali Witness, dzanja limodzi atagwira mlongo wake monga anauzidwa. Anauliza, anadikira. Anaulizanso. Anauliza mpaka dzuwa linapendeka, milomo inang'ambika, mpweya wokha n'kumatuluka. Palibe amene analimba mtima kumuletsa.

A Fatsani ndi ana awo anapulumuka. Anakhala mumtengo mpaka boti la injini linawatenga m'mawa mwake. Amuna anga anapezeka tsiku lachitatu m'mabango, kumunsi kwa mlatho wa Chiromo, mlatho womwe uja tinkathamangira kukaona sitima tili ana.

A Ernest anabwera pamaliro. Anayenda ulendo wautali panjinga, misewu itaduka. Ndinali ndisanawaonepo, ndinkangodziwa dzina lawo pagalasi. Anali bambo wochepa thupi, wa imvi. Anagwada pafupi ndi ine m'nyumba ya siwa, chipewa chili m'manja.

"Mlamu, pepani. Ine sindikugona. Ndinaimba kasanu ndi kawiri. Koyamba inalira kenaka inadulidwa, kwinako sinkalowa n'komwe. Ndinayesa manambala ena awiri a komiti, eni ake anali kuchilumba komweko. Zaka zitatu a Augustino sanaphonyepo foni yanga. Chinachitika n'chiyani?"

M'nyumba munali amayi ambiri, ndipo onse anatembenukira kwa ine. Witness anali pakhomo, atatsamira chitseko. Ndinaona akutsegula pakamwa.

"Foni inali ndi ine," ndinafulumira. "Anaisiya m'manja mwanga, anandiuza chochita. Ndine."

Silinali bodza. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, bambo wamkulu akumukuwira m'khutu, mfuti zikulira, anzake akumudalira, mumayembekeza kuti asankha bwanji? Amene ndinayang'ana kumwamba n'kumasula chitenje ndine. Amayi ena anandiyang'ana ndi maso oti sindidzawaiwala. Ena mpaka lero pamjigo amasiya nkhani ndikafika. Ndinavomera zimenezo, ndipo ndizisenza.

Patatha sabata, a Patience a m'komiti anabwera kudzatenga katundu: chimkuzamawu, wenzulo ndi foni. Ndinaiyatsa kuti aone kuti ikugwira ntchito. Itangoyaka inalira kuti ting, uthenga wa mawu. Ndinadina osaganiza.

"Kang'ona! Wasowatu mphwanga. Wafa kodi? Dzuka, bwera, tikusowa munthu mmodzi. Usatichedwetse!"

Kenaka kuseka, ndi mfuti kumbuyo kwake.

A Patience anandiyang'ana, anayang'ana Witness, ndipo ndikhulupirira kuti anazindikira. Witness anatenga foniyo, anafufuta gemu ija ndi chala chake, n'kuipereka kwa a Patience ndi manja awiri. Kenaka anatuluka.

Sindikudziwa ngati Kaputeni ndi munthu woipa. Mwina ali ndi ana ake kwinakwake. Iye sakudziwa kumene kuli Chiromo, sakudziwa kuti Ruo ndi chiyani, ndipo pofika madzulo a tsiku limenelo ayenera kuti anapeza mwana wina wodzaza malowo. Ine ndinkati mwana wanga ali pamphasa, ndikumuona. Thupi lokha ndi limene linali pamphasapo.

Madzi anaphwa. Bwato tinalipeza litakodwa m'mabango, ndipo a Fatsani analikonza osafuna kanthu. Akumuphunzitsa Witness kupalasa ataimirira, akuti akugwira msanga. Mwanayo sasewera ndi anzake, salankhula zambiri, koma mlongo wake samusiya. Kulikonse kumene apite amamugwira dzanja.

Madzulo aliwonse, nthawi imene asodzi amabwerera, amapita pachulu cha padoko. Ndimamumva ndili kuseri ndi nsomba zanga. Kawiri kafupi, kamodzi kotalika. Kenaka amakhala chete, kudikira, monga ankachitira abambo ake.

Dzulo sindinathe kupirira. Ndinapukuta manja, ndinanyowetsa milomo, n'kumuyankha ndi mluzu womwewo, ngakhale unatuluka wokhota. Panapita kanthawi. Kenaka ndinamva mapazi akubwera chothamanga, ndipo atafika pangodya ya nyumba anaima, akupuma mwawefuwefu, maso akufunafuna pabwalo ponse.

"Ndine, mwanawe," ndinatero. "Ndine ndekha. Bwera udye."

Anabwera nditangoitana kamodzi.